Mwambo wa Ulemu m'Dziko la Japan

Nkhani ya lero ndi ya anthu a dziko lakutali la kum'mawa, dziko la Japan, ndi mwambo wao wa ulemu. Alendo amene anafikako, kaya amalonda, kaya ophunzira, kaya ongopita kukaona malo, pobwerera kwao amasimba chinthu chimodzimodzi: kuti anthu a kumeneko amaweramirana, amalankhula motsitsa mau, ndipo amapepesa ngakhale pa kanthu kochepa. Zimenezi n'zoona, koma kuwerama ndiko kumene kumaoneka ndi maso. Chimene chimawachititsa kuwerama chili pansi. Ulemu wa Ajapani waima pa malamulo awiri amene mwana aliyense amaphunzitsidwa asanadziwe n'kuwerenga komwe. Loyamba ndi lakuti munthu adziwe malo ake pamaso pa mnzake, adzichepetse yekha ndi kukweza winayo. Lachiwiri ndi lakuti asasautse anthu ena. Wogwira malamulo awiriwa adzapeza kuti miyambo yambiri yooneka yachilendo ili ndi chifukwa chake.

Poyamba n'kofunika kudziwa dziko lenilenilo. Japan ndi dziko la zilumba, ndipo zikuluzikulu zilipo zinai: Honshu, Hokkaido, Kyushu ndi Shikoku. Mbali yaikulu ya dzikolo ndi mapiri ndi nkhalango, kotero kuti anthu ake, amene ali oposa 120 miliyoni, athithikana m'zigwa za m'mbali mwa nyanja. Mzinda wa Tokyo pamodzi ndi mizinda yolumikizana nao uli ndi anthu ngati 37 miliyoni, ndipo pa siteshoni imodzi yokha ya Shinjuku pamadutsa anthu pafupifupi 3 miliyoni tsiku lililonse. Nyumba za makolo ao zinali za matabwa, ndipo zipinda zinali kulekanitsidwa ndi zitseko za pepala, zimene sizibisa ngakhale kutsokomola. Chakudya chao chachikulu ndi mpunga, ndipo mpunga wa m'madzi sulimika ndi banja limodzi: ngalande imodzi imathirira minda ya mabanja ambiri, ndipo wina akatseka madzi kumtunda, a kumunsi amagona ndi njala. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ngalande ya mudzi sikumbidwa ndi khasu limodzi. Anthu okhala moyandikana chotere, odalirana pa madzi, sakanakhala mwamtendere aliyense akadamalankhula ndi kuchita monga mtima wake ufunira.

Mwambowu unalowanso m'malamulo kalekale. Mbiri yao imanena kuti m'chaka cha 604 kalonga wina dzina lake Shotoku anapereka malangizo 17 kwa nduna za boma, ndipo loyamba mwa onsewo linali lonena za chimvano, chimene m'chinenero chao amachitcha wa. Kuchokera ku China kunafikanso chiphunzitso cha Confucius, chonena za udindo wa mwana kwa kholo, wa wamng'ono kwa wamkulu, ndi wa mtumiki kwa mbuye wake. Pambuyo pake dzikolo linalamulidwa zaka mazana angapo ndi ankhondo otchedwa samurai, ndipo pakati pao panabuka mabanja osunga mwambo, monga banja la Ogasawara, limene linali kuphunzitsa kaimidwe, kakhalidwe pansi, kaweramidwe ndi kaperekedwe ka zinthu. Chiphunzitso chao chilipobe mpaka lero. M'nyengo ya ulamuliro wa banja la Tokugawa, kuyambira 1603 kufikira 1868, ankhondo anali pamwamba pa alimi, amisiri ndi amalonda, ndipo zovala, nyumba ndi malankhulidwe a munthu zinayenera kugwirizana ndi malo ake. Masiku amenewo ulemu sunali chinthu chokomerana mtima chabe. Lamulo linali kulola samurai kukantha ndi lupanga munthu wamba amene wamchitira chipongwe chachikulu.

Kuopsa kwake kwa nkhaniyi kunaoneka pa 14 September 1862. Tsiku limenelo Angerezi anai, amuna atatu ndi mkazi mmodzi, anali kuyenda pa akavalo mumseu waukulu wa Tokaido pafupi ndi Yokohama. Atafika pamudzi wa Namamugi anakumana ndi ulendo wa Shimazu Hisamitsu, bambo wa mfumu ya chigawo cha Satsuma, amene anali kuperekezedwa ndi ankhondo mazanamazana. Mwambo unali wakuti munthu wokumana ndi ulendo wotere atsike pakavalo ndi kupatuka pambali. Angereziwo sanatsike, koma analowa pakati pa mzerewo ali pa akavalo ao. Ankhondo anasolola malupanga. Mmodzi wa alendowo, Charles Richardson, anaphedwa, ndipo amuna awiri enawo anavulazidwa. Boma la Britain linalipiritsa boma la Japan mapaundi 100,000, ndipo pamene a Satsuma anakana kupereka dipo lao ndi anthu amene anapha, zombo zankhondo za Britain zinaombera mzinda wa Kagoshima mu August 1863, mbali ina ya mzindawo n'kupsa. Zonsezo zinayamba ndi kusatsika pakavalo. Ulamuliro wa ankhondo unatha mu 1868, ndipo mu 1876 analetsedwa kuyenda ndi malupanga. Koma chizolowezi choyesa malo a munthu asanayambe kulankhula naye sichinathe.

Pamene ulemu wina unali kuchokera m'mantha, wina unali kuchokera m'kudzichepetsa. Munthu amene Ajapani amamkumbukira pa zimenezi ndi Sen no Rikyu, katswiri wa mwambo wa tiyi, amene anabadwa mu 1522 namwalira mu 1591. Iye anali kulandirira alendo m'kanyumba kakang'ono kopanda zokongoletsa zambiri, ndipo khomo la alendo linali laling'ono kotero kuti munthu sakanatha kulowa chiimire. Mfumu kaya wamalonda, aliyense anayenera kukwawa, ndipo wankhondo anayenera kusiya lupanga lake panja. M'katimo mwini nyumba yekha anali kukonza tiyi ndi manja ake, ndipo mlendo anali kulandira mbale ndi manja awiri, n'kupepesa kwa mnzake woyandikana naye chifukwa choyamba kumwa. Mwambo wa tiyi ukuphunzitsidwabe lero, ndipo maganizo ake, akuti mwini nyumba alingalire zosowa za mlendo mlendoyo asanapemphe, afalikira m'nyumba zogona alendo, m'masitolo ndi m'makomo a anthu wamba.

Tsono za kuwerama. Ajapani sagwirana chanza kawirikawiri, ndipo kukumbatirana pamaso pa anthu si chizolowezi chao. Moni wao ndi kuwerama. Munthu amapinda m'chiuno, msana uli woongoka, maso akuyang'ana pansi; mwamuna amaika manja m'mbali, mkazi amawaika patsogolo. Ophunzitsa mwambo amatchula kuwerama kwa mitundu itatu. Kwa madigiri 15 n'kopatsira moni mnzako pokumana panjira kapena pakhonde la ofesi. Kwa madigiri 30 n'kolandirira mlendo kapena wogula malonda. Kwa madigiri 45 n'kothokozera pa chinthu chachikulu kapena kupepesera cholakwa chenicheni. Wamng'ono amawerama kwambiri ndi kuchedwa kuweramuka kuposa wamkulu, ndipo anthu awiri olemekezana akhoza kuweramirana katatu kapena kanai asanalekane. Chizolowezichi n'cholowerera kotero kuti ambiri amawerama ngakhale polankhula pa telefoni, wolankhula nayeyo asakuwaona. Palinso kugwada ndi kugunditsa chipumi pansi, kumene amakutcha dogeza, koma kumeneku n'kwa milandu yoopsa yokha. Kampani ikalakwira anthu, akuluakulu ake amaima pamzere pamaso pa atolankhani ndi kuwerama nthawi yaitali, ndipo anthu amayang'anitsitsa ngati kuweramako kwalingana ndi kukula kwa mlanduwo.

Chovuta kuposa kuwerama ndi chinenero. Olankhula Chichewa amalemekeza munthu pomuchulukitsa, kumutchula kuti inu kapena iwo. Ajapani amasintha mneni weniweniwo. Malankhulidwe aulemu, amene amawatcha keigo, ali ndi nthambi zitatu zazikulu: mau okweza munthu wina, mau odzichepetsera wolankhulayo, ndi mau aulemu wamba oyenera kwa aliyense wosazolowerana naye. Chitsanzo ndi kudya. Pakati pa abale ndi mabwenzi mau ake ndi taberu. Ponena za kudya kwa mlendo kapena kwa bwana, mau ake ndi meshiagaru. Ponena za kudya kwake mwini pamaso pa anthu olemekezekawo, munthu amati itadaku, ndiko kunena kulandira chochokera kumwamba. Kusokoneza awiri otsirizawa ndiko kudzikweza wekha ndi kutsitsa mlendo. Pa dzina la munthu amaonjezapo san kumapeto, monga munthu wa banja la Tanaka amatchedwa Tanaka-san. Mphunzitsi ndi dokotala amatchedwa sensei. Koma palibe amene amaika san pa dzina lake lomwe.

Apa pali chinthu chimene chimadabwitsa alendo ambiri. Ajapani amasiyanitsa a m'kati ndi a kunja, uchi ndi soto. A m'kati ndiwo banja lako kapena anzako a pantchito. A kunja ndiwo ena onse. Kalaliki wa mu ofesi, polankhula ndi bwana wake, amagwiritsa ntchito mau onse omukweza. Koma munthu wa kampani ina akaimba telefoni kufunsa za bwanayo, kalaliki yemweyo amatchula dzina la bwana wake popanda san, ndiponso ndi mau odzichepetsa, ngati akunena za iye mwini. Sikuti wachita mwano. Pamaso pa mlendo, bwana ndi kalaliki ali nyumba imodzi, ndipo nyumba yonse imadzichepetsa pamodzi. Chimodzimodzinso kholo silitama mwana wake kwa anthu; wina akamuyamika mwanayo, kholo limakana ndi kutchula zofooka zake.

Mau amene amamveka kawirikawiri kuposa onse ndi sumimasen. Munthu amawanena akaponda mnzake, akafuna kufunsa njira, akaitana woperekera zakudya, ndiponso wina akamtolera chinthu chimene wagwetsa. Mau amodzi omwewo ndi kupepesa ndiponso kuthokoza, pakuti m'maganizo ao amene wakuthandiza wavutika chifukwa cha iwe. Mau amene samveka kawirikawiri ndi akuti iai. Kukana poyera kumachititsa wopempha manyazi, chotero munthu amangoti nkhaniyo njovuta pang'ono, kapena kuti adzaiganizira, ndipo womva amadziwa kuti wakanidwa. Ngakhale mau akuti hai, amene alendo amaphunzira kuti ndi inde, nthawi zambiri amangotanthauza kuti ndikumva, pitirizani. Amalonda ambiri akunja abwererapo kwao akuyesa kuti agwirizana, pamene eni dziko anali atakana kale mwaulemu.

Munthu woitanidwa kunyumba ya Mjapani amakumana ndi mwambo asanalowe n'komwe. Pakhomo m'kati pali malo otsika otchedwa genkan, ndipo pamenepo nsapato zimavulidwa. Mlendo amakwera pamwamba osapondanso pansi ndi masokosi, n'kutembenuza nsapato zake kuti ziloze kukhomo. Polowa amanena mau otanthauza kuti ndabwera kudzakusokonezani. Amapatsidwa nsapato zofewa za m'nyumba, koma nazonso amazivula akafika m'chipinda choyalidwa tatami, ndiwo mphasa zochindikala zimene pamwamba pake n'polukidwa ndi udzu wa m'madambo. Kuchimbudzi kuli nsapato zake zapadera, ndipo cholakwa chimene alendo ambiri amachita ndicho kuiwala kuzivula, n'kubwerera nazo pamene anthu akudya. Pokhala pansi palinso dongosolo: malo olemekezeka ndi akutali ndi khomo, ndipo wamng'ono amakhala pafupi ndi khomo kuti azitumikira. Mlendo sathamangira malo apamwamba. Amayembekeza kuuzidwa, ndipo amayamba wakana. Akagona konko amapatsidwa mwai woyamba kusamba, koma ayenera kudziwa kuti bafa la madzi otentha si losambiramo ndi sopo. Munthu amadzitsuka panja pa bafalo kufikira atayera, ndipo pamenepo ndiye amalowa kukakhala m'madzi, pakuti madzi omwewo adzalowamo a m'banjamo onse.

Pa chakudya, asanayambe kudya amati itadakimasu, ndipo akatha amati gochisosama, kuthokoza wophika, mlimi ndi chamoyo chimene chaperekedwa. Amadya ndi timitengo tiwiri, ndipo pa timitengoti pali zoletsa ziwiri zazikulu. Choyamba, satizika chiimire m'mbale ya mpunga, pakuti umo ndi m'mene amaikira mpunga woperekedwa kwa womwalira. Chachiwiri, sapatsirana chakudya kuchokera pa timitengo ta wina kupita pa ta mnzake. Chifukwa chake n'chakuti pafupifupi onse omwalira ku Japan amatenthedwa, ndipo pambuyo pake abale amatola mafupa ndi timitengo, awiri kugwira fupa limodzi, n'kuika mumtsuko. Wochita zimenezi pa chakudya wakumbutsa anthu za maliro. Pa chakumwa, munthu sadzithirira yekha. Amayang'anira kapu ya mnzake, ndipo mnzakeyo amayang'anira yake. Koma si zonse zimene zili zoletsedwa kwina zili zoletsedwa kumeneko. Kunyamula mbale ya mpunga kufika nayo pafupi ndi kamwa n'koyenera, ndipo kuchita phokoso pokoka ndi milomo zakudya zazitali zonga zingwe, monga soba ndi ramen, palibe amene amadabwa nako. Kumina mwaphokoso pagulu ndiko kumene kumaipira anthu.

Mphatso nazo zili ndi malamulo ake. Kawiri pa chaka, pakati pa chaka ndi mu December, ambiri amatumiza mphatso kwa amene anawathandiza. Wopita paulendo amabwerako ndi tizakudya ta kumene anapitako, togawira a pantchito ndi anansi. Mphatso imakulungidwa bwino, imaperekedwa ndi manja awiri, ndipo woperekayo amaichepetsa ndi mau, kunena kuti ndi kanthu kachabe. Ndalama siziperekedwa pamanja, koma mu envulopu yomangidwa ndi tizingwe: tofiira ndi toyera kapena tagolide pa ukwati, takuda ndi toyera pa maliro. Pa ukwati amaikamo ndalama zatsopano, kusonyeza kuti anakonzekera tsikulo. Pa maliro amaikamo zogwiritsidwa kale ntchito, kuti zisaoneke ngati anali kuyembekeza imfayo. Zinthu zinai saperekera pamodzi, popeza mau akuti zinai, shi, amamveka ngati mau a imfa. Kwa wodwala sapititsa maluwa odzalidwa mumphika, pakuti kumera mizu kumamveka ngati kukhalitsa pabedi. Ndipo wolandira mphatso pa ukwati kapena pa maliro amabweza ina, kawirikawiri ya mtengo wokwana theka. Kupatsa n'kuika, ndipo Ajapani amasunga bwino m'mutu chimene chinaikidwa ndi kwa yani. Koma ndalama yapadera yothokozera woperekera zakudya kapena woyendetsa galimoto saidziwa. Woisiya patebulo akhoza kuthamangiridwa panjira kuti aiwala ndalama zao.

Lamulo lachiwiri lija, losasautsa ena, limaoneka bwino mumseu ndi m'sitima. Mau ao a chisautso chotere ndi meiwaku, ndipo mwana amawamva kwa amai ake kuyambira ali wamng'ono. M'sitima yodzaza anthu mumakhala bata; telefoni imaikidwa posalira, ndipo kulankhulapo n'kosayenera. Okwera amaima pamizere yolembedwa pansi, n'kuyamba apatsa njira otsika. Wodwala chimfine amavala chophimba pakamwa ndi pamphuno kuti asapatsire ena, ndipo chizolowezichi chinalipo zaka zambiri mliri wa 2020 usanafike. Nkhokwe za zinyalala m'miseu n'zochepa, makamaka chiyambire 1995 pamene zambiri zinachotsedwa anthu oipa atathira mpweya wakupha m'sitima za pansi pa nthaka ku Tokyo. Komabe miseu njoyera, chifukwa aliyense amanyamula zinyalala zake kupita nazo kwao. Kusunga nthawi amakuyesa mbali ya ulemu womwewo, popeza wochedwa wadya nthawi ya mnzake. Mu November 2017 kampani ya sitima ya Tsukuba Express inapepesa poyera chifukwa sitima yake inanyamuka pa siteshoni ina masekondi 20 nthawi isanakwane.

Wotola chinthu chotayika amapita nacho ku kanyumba ka polisi kotchedwa koban, ndipo tinyumba totere tili paliponse m'mizinda. Lamulo limalola wotolayo kulandira mphotho ya pakati pa 5 ndi 20 pa 100 iliyonse ya mtengo wa chinthucho, ndipo mwini wake akapanda kuoneka miyezi itatu, chimakhala cha wotola. M'chaka cha 2023 apolisi a ku Tokyo analandira ndalama zotoledwa zoposa mayeni 4 biliyoni, ndipo zambiri mwa izo zinabwerera kwa eni ake.

Makhalidwe amenewa sabadwa nao. Amaphunzitsidwa, ndipo sukulu ndiyo imagwira ntchito yaikulu. Phunziro lisanayambe ana amaimirira ndi kuweramira mphunzitsi. Chakudya cha masana amagawirana okha mosinthana, atavala zoyera, ndipo amadikira kufikira aliyense atalandira. Tsiku ndi tsiku ana omwewo amasesa ndi kukolopa zipinda zao, makonde, ngakhale zimbudzi m'masukulu ambiri. Mwana amene wagwada kupukuta pansi sataya pepala mwachisawawa. Achinyamata oyamba ntchito mu April, mwezi umene chaka cha ntchito chimayamba, amaphunzitsidwanso kuwerama, kuyankha telefoni ndi kupereka kakhadi ka dzina lao ndi manja awiri, zilembo zikuloza kwa wolandira. Zipatso zake dziko lonse lapansi linaziona pa mpikisano wa mpira wa World Cup. Mu 2018 ku Russia, timu ya Japan itagonja kwa Belgium ndi zigoli 3 kwa 2, ochemerera ake anatsala kutola zinyalala m'bwalo, ndipo osewerawo anasiya chipinda chao chovaliramo chili choyera, pamodzi ndi mau othokoza olembedwa m'Chirasha.

Chiyeso chachikulu cha mwambowu chinafika pa 11 March 2011, pamene chivomezi choopsa chinagwedeza kumpoto chakum'mawa kwa Honshu, n'kutsatidwa ndi mafunde aakulu a m'nyanja otchedwa tsunami. Anthu oposa 18,000 anafa kapena kusowa. Opulumuka, ambiri atataya nyumba ndi abale, anaima pamizere yaitali m'chisanu kuyembekeza madzi ndi chakudya, popanda kukankhana. M'miyezi yotsatira, mabokosi achitsulo osungiramo ndalama okwana ngati 5,700 anatoledwa m'zibumi za nyumba n'kuperekedwa ku polisi. Munali mayeni oposa 2 biliyoni, ndipo pafupifupi zonse zinabwezedwa kwa eni ake. Munthu amene wazolowera kuima pamzere tsiku la mtendere amaimanso pamzere tsiku la tsoka.

Komabe walira mvula walira matope. Ulemu wotere uli ndi mtengo wake, ndipo Ajapani eni ake ndiwo amayamba kunena zimenezi. Ali ndi mau awiri, honne ndi tatemae: loyamba ndilo za mumtima, lachiwiri ndilo zimene munthu amaonetsa pagulu, ndipo ambiri amasenza mavuto ao okha poopa kusautsa ena. Ali ndi mwambi wakuti msomali wotulukira pamwamba ndiwo umakhomedwa. M'midzi yakale banja lophwanya chimvano linali kusalidwa ndi mudzi wonse, osathandizidwa pa china chilichonse kupatula pa moto ndi pa maliro. Pantchito, wamng'ono amachita manyazi kuweruka bwana wake asanachoke, ndipo kugwira ntchito mopitirira muyeso kwapha anthu kotero kuti imfa yotere ili ndi dzina lake, karoshi. Mu 2018 nyumba ya malamulo inakhazikitsa malire a maola oonjezera pantchito. Ogula ena, pozolowera kugwadiridwa, anayamba kutukwana ogulitsa m'masitolo ndi kuwakakamiza kupepesa mochititsa manyazi, kufikira mzinda wa Tokyo unapanga lamulo loletsa khalidweli, limene linayamba kugwira ntchito mu April 2025. M'sitima zomwe zija za bata, m'mizinda ikuluikulu, muli mabogi a akazi okhaokha nthawi ya m'mawa, chifukwa amuna ena amachita zachipongwe pothithikana. Kuwerama kumaphunzitsika msanga. Mtima wabwino suphunzitsika msanga chotero, kaya ku Japan kaya kwina kulikonse.

Anthu a m'maiko a pakati ndi kumwera kwa Africa sali kutali ndi Ajapani monga kale. Achinyamata odzipereka ochokera ku Japan anayamba kufika ku Zambia mu 1970 ndi ku Malawi mu 1971, kudzagwira ntchito m'masukulu, m'zipatala ndi m'minda, ndipo ophunzira ndi amalonda a kuno amapitanso kumeneko. Munthu amene analeredwa kulandira chinthu ndi manja awiri, kusapenyetsetsa wamkulu m'maso, ndi kupatsa mlendo malo abwino, sadzasokera kwambiri. Ajapani sayembekeza kuti mlendo adziwe nthambi zonse za keigo kapena muyeso wa kuwerama, ndipo amakhululuka msanga akaona kuti munthu akuyesetsa. Zimene amayang'ana ndi zochepa: avule nsapato pakhomo, afike pa nthawi yake, atsitse mau pagulu, asakakamize munthu kunena kuti iai, ndipo akathandizidwa athokoze tsiku lomwelo ndi kuthokozanso pokumana ulendo wina. Wochita zimenezi adzalandiridwa bwino m'nyumba ya ku Japan.